Mpaka Nyale Idzazime

Kuseri kwa nyumba ino, pakati pa khola la mbuzi ndi mtengo wa mpoza, pali thandala lofika m'chifuwa. Alendo akaliona amayesa ndi loanikirapo usipa. Pamwamba pake pagona galasi lalikulu ngati chitseko cha kabati, pakati lakuda, m'mbali lachikasu ngati tsamba la fodya limene layamba kuuma. Ana a kuno ku Lungwena amalitchula kuti sola ya agogo. Sili ngati masola aja amagulitsa pa boma ku Mangochi. Ndinachita kubwera nalo kuchokera ku Joni, ndipo ndikufuna ndilembe nkhani yake maso anga asanatheretu.

Ku Joni ndinapita mochedwa, imvi zitayamba kale. Anzanga anapita ali anyamata, ine ndinatsalira kukoka makoka a anthu ena, kuganiza kuti nyanja singatope. Inatopa. Chambo chinayamba kusowa, eni makoka anayamba kuchepetsa anthu, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo, Mariamu, anali atakwatiwa ku Katuli. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi akazi anga, Abiti Sumani. Nditawauza maganizo anga sanatsutse, sanavomerenso. Anangotenga malaya anga onse n'kuyamba kulimbitsa mabatani. Umu ndi mmene iwo ankayankhulira. Anali mwana wa mmisiri wa maboti, ndipo anatengera bambo awo khalidwe loti chinthu chikafuna kuguluka amayamba achigwira ndi manja, mawu pambuyo.

Za m'njira sindinena zambiri, chifukwa aliyense wa kuno ali ndi mbale wake amene anadutsa pa Tete ndi pa Beitbridge atakumbatira chikwama. Zaka zoyamba ndinagona m'kachipinda ka malata pamodzi ndi amuna ena a kwathu kuno, mapazi a wina kumutu kwa wina. Ndinatchetchapo kapinga, ndinalonderapo geti, ndinatsukapo magalimoto m'nyengo yozizira mpaka zala kung'ambika. Panali masiku ena amene tinkadzitsekera m'nyumba osatuluka chifukwa kunja kunali anthu osaka alendo. Kangachepe kamene ndinkapeza ndinkatumiza, ndipo Abiti Sumani anachotsa udzu padenga n'kuikapo malata.

Amene anandichotsa pa geti ndi Armando. Anandimva ndikuyankhula Chiyao pa foni m'minibasi, n'kutembenuka, n'kundifunsa ngati ndili wa cha ku Malindi. Iye anali wa ku Mozambique, koma anakulira cha ku Katuli nthawi ya nkhondo, makolo ake atathawira kuno. Anali Mkatolika, wokonda nthabwala, wonenepa ngati ng'oma. Tsiku lomwelo anandipatsa dzina loti Shehe chifukwa cha kofia yanga, ndipo sanandiitanepo ndi dzina lina kufikira lero. Anati kumene amagwira ntchito akufuna munthu wotsuka magalasi, munthu wosapupuluma, wosamwa mowa. Anati wayang'ana m'minibasi monse, wapeza ine ndekha.

Ndinkayesa ndi magalasi a mawindo. Anali tizidutswa tating'ono, tina ngati chikhadabo cha chala chachikulu, tina ngati bokosi la machesi. Malowo anali labu, nyumba yoyeseramo zinthu za sayansi, ya kakampani kena kakang'ono pafupi ndi sukulu ya ukachenjede, ndipo wamkulu wake anali mayi wina wachimwenye wobadwira komweko, amene tonse tinkangoti Dokotala. Ntchito yawo inali yofuna kupanga sola yotsika mtengo. Masola amene timawadziwa, anandiuza Armando, amapangidwa m'ng'anjo zotentha kwambiri, m'mafakitale aakulu a kunja. Awa ankafuna sola yochita kupaka pagalasi ngati utoto. Mankhwala ake dzina lake perovusikaiti. Ine lilime linkakana, choncho ndinkangoti inki, ndipo posakhalitsa labu yonse inayamba kunena kuti inki.

Tsiku loyamba kuona mmene amachitira ndinaiwala kuti ndagwira tsache. Mtsikana wina wophunzira anadontheza timadzi tachikasu pa kagalasi kamene ndinatsuka ine, n'kukazunguza pa makina mpaka timadzi tija tinayala ponse. Kenako anakaika pa chitsulo chotentha. Ndikuyang'ana chonchi, kagalasi kaja kanasanduka kofiirira, kenako kakuda bii. Atakamangirira tiwaya n'kukaunika ndi nyale yowala ngati dzuwa, manambala anayamba kukwera pa kompyuta. Ndinati Allah ndi wamkulu, mokweza, anthu onse n'kuseka. Sankandiseka moipa. Dokotala anati nayenso tsiku loyamba ananena zofanana nazo m'chinenero cha agogo ake.

Koma inki ija inali ndi mdani, ndipo mdani wake ndi chinyontho. Mpweya wa m'kamwa wokha unkatha kuiwononga. Ankaisakaniza m'bokosi lalikulu la galasi lotsekedwa ponseponse, munthu n'kumalowetsa manja m'magolovesi aatali a labala omatiridwa kukhoma kwake. M'katimo munali mpweya wouma umene ankagula m'mabotolo achitsulo, ndipo kunyamula mabotolowo inali ntchito yanga ndi Armando. Tinkavalanso zotseka pakamwa, chifukwa mu inkimo muli mtovu.

Apa ndi pamene ine ndinavutikira. Msilamu amapanga udhu asanaswali, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kumaso, kupukuta kumutu, kusamba mapazi. Swala ya masana ndi ya chakumadzulo zinkandipeza kuntchito. Sabata yoyamba ndinabwerako ndevu zili chinyowere, n'kuweramira thireyi ya tizigalasi topakidwa kale. Kadontho kamodzi kanagwa. Pamene kanagwerapo panachita chikasu nthawi yomweyo, ngati diso la nsomba yowola. Ndinaganiza kuti ntchito yathera pomwepo. Dokotala anayang'ana kagalasiko, anayang'ana ndevu zanga, n'kuchoka. M'mawa mwake pakhomo la labu ndinapeza atapachika kamakina kowumitsira tsitsi ka azimayi, kofiira. Armando anatsala pang'ono kugwa ndi kuseka. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse ankaima pakhomo n'kumati: "Shehe, mwaumitsa ndevu? Mkwatibwi salowa chinyowere."

Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko, sindinaphonyepo swala, ndipo sindinadonthezenso madzi.

Tizigalasi tikapangidwa tinkapita nato padenga la nyumbayo, kukatiyala pa matebulo achitsulo kuti tione dzuwa lenileni. Kutikweza ndi kutipukuta fumbi inali ntchito yanga. Choncho ine ndi amene ndinkayamba kuona imfa yake. Inkayambira m'mphepete, kamzere kachikasu kopyapyala ngati ulusi, kenako n'kumalowa m'kati. Kagalasi kamene dzulo kanali kunyadiridwa, sabata yamawa kali mbuu, magetsi palibe. Tinali ndi katoni ina pakona imene Armando ankaitchula kuti kumanda.

Dokotala anandifotokozera tsiku lina tili padengapo, akudya chimanga chootcha chimene ndinamugawira. Anati mavuto awo ndi awiri. Loyamba, kuti galasi lizisandutsa magetsi gawo lalikulu la dzuwa limene laligwera. Lachiwiri, kuti likhalitse. Loyambalo anali atalitha ndithu, moti inki yawo inkapikisana ndi masola odula aja. Lachiwiri ndi limene linkawasowetsa mtendere. Akasintha kasakanizidwe kuti magetsi achuluke, galasi linkafa msanga. Akalilimbitsa, magetsi ankatsika. Ndinamuuza kuti kwathu kuli nkhuku zotero, zoikira mazira ambiri koma chitopa chikangodutsa ndi zoyamba kugwa. Anaseka, n'kunena kuti akufuna nkhuku yachikuda yoikira ngati yachizungu. Ananenanso chinthu chimene sindinachiiwale, kuti kulimba kwa chinthu kulibe njira yachidule yokudziwira. Umangochiika panja n'kudikira.

Ndinaikonda ntchito imeneyo, sindibisa. Munthu amene moyo wake wonse anakoka chingwe cha makoka a eni ake, tsopano anali ndi jasi loyera lolembedwa dzina lake pathumba. Ndikamatsuka kagalasi ndinkaganiza za nyumba za kwathu, za koloboyi amene anadetsa mphuno za ana a kwathu, za matochi a mabatire osachedwa kutha. Ndinkati tsiku lina chinthu ichi chidzagulitsidwa pa Lungwena mtengo wa nkhuku, ndipo ine ndidzati ndinatsukako.

Patapita nthawi anapeza kasakanizidwe kena, komanso njira ina yotsekera. Ankaika galasi lina pamwamba, inki n'kukhala pakati, m'mphepete monse n'kumata ndi labala wakuda wotenthetsa. Magalasi amenewa anatha nyengo yonse yamvula padenga osasintha mtundu. Koma Dokotala sanakhutire. Anati Joni ndi malo okwera, mpweya wake ndi wouma, dzuwa lake silipsereza. Pankafunika malo otentha ndi achinyontho, kumene malaya amamatirira kumsana. Armando anandiloza ndi chibwano, nati ngati akufuna ng'anjo yonyowa afunse Shehe za kwawo mwezi wa Novembala.

Umu ndi mmene ndinabwerera kumudzi koyamba, nditanyamula galasi lalikulu lokulungidwa m'mabulangete, batire, babu limodzi, ndi kabokosi kakang'ono kokhala ndi simukhadi, kamene kankatumiza kokha manambala ku Joni tsiku ndi tsiku. Ulendo wonse galasilo ndinaliika pamiyendo. Mayi wina amene tinakhala moyandikana anandifunsa ngati ndi chithunzi cha malemu.

Abiti Sumani ndinawapeza ataonda pang'ono, koma ndinati ndi ukalamba, poti nanenso ndinali nditakalamba. Thandala tinamanga limodzi, iwo akugwira nsichi, ine ndikukhoma. Sitinaliike padenga chifukwa pankafunika kulipukuta m'mawa uliwonse, ndipo ine sindikanalola kuti azikwera makwerero. Ndinawaonetsa kapukutidwe kake ndi kansalu kouma. Ndinawauzanso zonse, kuti chinthuchi n'choyesa chabe, kuti anzake onse anafa, kuti imfa yake imayambira m'mphepete ndi kamzere kachikasu, madzi akapeza polowera. Anamvetsera atapendeketsa mutu, n'kuyendetsa chala m'mbali mwa labala uja monga mmene bambo awo ankayendetsera chala m'mizere ya matabwa a boti.

Babu litayaka tsiku loyamba, mng'ono wawo Halima anabwera ndi ana ake kudzaona, ndipo mchimwene wawo wamkulu, a Jafali, amene ndi mwini mbumba pamudzi pano, anabweretsa foni yawo kudzatchaja. Ine pano ndine mkamwini. Kwathu kwenikweni ndi cha ku Malindi, koma nyumba ndinamanga kwa akazi anga monga mwa mwambo wathu. Tsiku limenelo a Jafali anandiitana kuti alamu ndi mawu aulemu amene ndinali ndisanawamvepo.

Tchuthi chitatsala pang'ono kutha, Abiti Sumani anandifunsa ngati ndikubwereranso. Tinali pakhonde, iwo akusankha nyemba. Ndinati inde, poti ntchito sinathe. Anafunsa kuti idzatha liti. Ndinati sindikudziwa, chifukwa ngakhale Dokotala sakudziwa. Anaika lichero pansi, kenako anati:

"Bambo a Mariamu, malata tili nawo. Mbuzi tili nazo. Mukufunanso chiyani kumeneko?"

Ndinati ndikufuna ndione mapeto ake.

"Chabwino, mupite. Koma tipangane. Tsiku limene nyale iyi idzazime, inu mukwere basi. Musadzatinso pali china choyesa."

Ndinavomera mosavuta, mwina mosavuta kwambiri. Ndinali nditataya magalasi ambirimbiri m'katoni ya Armando. Ndinkadziwa kutentha kwa kuno, ndinkadziwa mvula ya mpoto imene imalowa ngakhale m'sutikesi. Mumtima ndinati mango asanathe ndidzakhala nditabwera. Ndinawagwira dzanja, ndinati Inshallah, iwo anati Inshallah. Ife awiri sitinali anthu obwereza mawu. Chimene tanena, tanena.

Nditabwerera ku Joni, manambala a ku Lungwena anasanduka nkhani ya m'mawa uliwonse. Ophunzira aja ankafika n'kuthamangira pa kompyuta asanavule ndi majekete omwe. Miyezi yotentha inadutsa, mzere uli chiimire. Mvula itayamba, mzere unayamba kutsika pang'onopang'ono. Dokotala anagwedeza mutu nati madzi apeza njira. Ine ndinayamba kulongedza mumtima. Ndinagula nsalu ziwiri ndi nsapato za akazi anga, n'kuuza Armando kuti ayambe kufunafuna Shehe wina.

Kenako mzere unaleka kutsika. Unangoima pamene unafikapo, sabata ndi sabata, mvula ikugwa. Dokotala anati mwina panali malo amodzi ofooka, awonongeka, kwina konse labala wagwira. Mvula inatha, mwera unadutsa, kutentha kunabweranso, mzere uli pomwepo. Dokotala anagula keke. Anandiika pakati pojambulitsa. Anthu ena ovala masuti anabwera kudzaona manambala aja, ndipo kunayamba kumveka zoti kampani ipanga magalasi aakulu ambiri. Nsalu zija ndinazitumiza ndi munthu wina wopita ku Mangochi.

Tinkayankhulana Lachisanu lililonse ndikachoka ku mzikiti. Ndinkafunsa za mbuzi, za munda, za Mariamu. Pomaliza ndinkafunsa, mwanthabwala, kuti kodi ndibwere? Iwo ankayankha mawu awiri okha: "Nyale ikuyaka." Ndinkaseka, iwonso ankaseka. Pa Idi yoyamba ndinafunsa mosaseka, chifukwa ndinali nditawasowa kwambiri, koma yankho linali lomwelo, ndipo anawonjezera kuti pangano ndi pangano. Mapepala anga analinso ovuta, kutuluka kunali kophweka koma kulowanso ayi, choncho ndinadziuza kuti akazi anga ndi anzeru. Mawu awo anayamba kumveka otsika, ndipo nthawi zina ankadula foni msanga. Ndinkati ndi netiweki ya kunyanja. Ndimaganiza kawirikawiri za Malachisanu amenewo. Munthu amamva chimene akufuna kumva, ndipo ine ndinkafuna kumva kuti nyale ikuyaka.

Mvula yachiwiri inadutsa. Yachitatu ili pafupi, Mariamu anandiimbira m'mawa ndili padenga ndi kansalu m'manja. Anati amayi ali m'chipatala pa boma, ndi khansa ya chiberekero, madokotala akuti inayamba kalekale ndipo yafika patali. Anati amayi anawaletsa onse kundiuza, koma iye watopa nako kumvera. Ndinatsika, ndinavula jasi, Dokotala mwini anandithamangitsira kokwerera mabasi, Armando atanyamula chikwama changa, kwa nthawi yoyamba alibe nthabwala.

Uthenga wa maliro unandipeza tikudikira kuwoloka malire a Zimbabwe. Ife Asilamu sitisunga maliro. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe amakhala atagona m'nyumba yake yomaliza. A Jafali anandiimbira kundifunsa ngati ndikufuna adikire, koma ankadziwa yankho, nanenso ndinkalidziwa. Ndinati musawachedwetse. Pamene anthu ankaswalira jeneza kuno, ine ndinali pamzere wodinditsa pasipoti, ndipo ndinaswali ndekha kuseri kwa basi, pa katoni imene mnyamata wa m'basimo anandiyalira. Nditafika ndinapeza mulu wa dothi lofiira ndi mapazi a anthu ambiri.

Masiku oyamba sindinapite kuseri kwa nyumba. Babu linkayaka madzulo aliwonse ndipo sindinkafuna kuliyang'ana. Koma dzanja lozolowera silimva chisoni, choncho m'mawa wina ndinatenga kansalu n'kupita pa thandala.

Pakona imodzi panali chikasu chachikulu ngati chikhatho. Izi ndinkaziyembekezera. Chimene sindinkayembekezera chinali m'mphepete. Labala wa Dokotala sankaoneka n'komwe. Mbali zonse zinayi zinali zitamatidwa ndi phula lakuda lokhuthala, lija amamatira maboti, losanjikizana kangapo, lina lakale lotuwa, lina latsopano lonyezimira. Linamatidwa mwaluso, losafika pa inki, lopindira bwino kunsi. M'malo ena munatsalira zidindo za chala chachikulu. Pansi pa thandala panali chitini chakuda ndi kamtengo kosongoka, ndi mafuwa atatu ang'onoang'ono otenthetserapo.

Halima anandipeza nditakhala pansi pomwepo. Sindinafunse, anayamba yekha. Anati mvula yoyamba ija, achemwali ake ataona kamzere kachikasu pakona, anapita okha kugombe kwa amisiri kukapempha phula. Kuyambira pamenepo ankamata nthawi iliyonse akaona kamng'alu, ngakhale pamene kuimirira kunayamba kuwavuta, Halima akuwagwira m'chiuno. Ndinafunsa ngati ananenapo chifukwa chake.

"Ndinawauza, alamu. Ndinati achemwali, siyani chife, abambo abwere. Anati, akabwera chifukwa chinthu chawo chafa, abwera nkhope ili pansi. Mwamuna uja wakhala akuweramira zingwe za anthu moyo wake wonse, musiyeni aimirireko."

Mariamu amanena zina. Iye amati amayi ake sankafuna kuti ndiwaone mmene thupi linathera, kuti ankafuna ndiziwakumbukira atagwira nsichi ya thandala. Nthawi zina, akakwiya, amati tonse awiri tinali ouma mitu, kuti anthu ena amaphwanya mapangano tsiku lililonse ndipo akazi awo amafera m'manja mwawo. Sindimutsutsa. Palinso tsiku lina Halima anangoti odwala amaopa mdima, ndipo mwina achemwali ankangofuna nyale. Sindikudziwa chimene chili choona. Ndinakhala nawo zaka zambiri mayi amenewa, ndipo ndinaphunzira kuti sankachita chinthu pa chifukwa chimodzi. Mwini kudziwa ndi Allah. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti iwo ndi amene anapempha kuti ndibwere, iwo omwenso ndi amene anatseka njira yobwerera, ndipo ine ndinali ndi miyendo, sindinkafunika kudikira babu.

Panali chinthu china chimene sichikanadikira. Manambala amene ankakondwerera ku Joni aja anali ndi phula m'kati. Ndinaimbira Dokotala n'kumuuza zonse, m'Chingerezi changa chothyokathyoka, n'kumutumizira zithunzi. Anayang'ana zithunzizo. Kenako anati ndiye kuti labala wawo analephera mvula yoyamba yomwe ija, ndipo ayenera kuwauza anthu a masuti aja kuti zimene anawaonetsa sizinali zoona. Ndinapepesa. Anati ndisapepese, kuli bwino adziwe lero kusiyana n'kudzadziwa magalasi ali kale pa nyumba za anthu. Anafunsa dzina la akazi anga, n'kulibwereza kawiri kuti alitchule bwino. Anati galasilo ndilisunge, ndi langa. Armando amandiimbirabe. Akuti anabwerera pa tizigalasi tating'ono, akuyesa zomatira zina, ndipo katoni ya kumanda ikudzazabe, koma mochedwerapo kusiyana ndi kale. Kamakina kofiira kaja kakadali pakhomo, akuti palibe amene akufuna kukachotsa.

Itatha sadaka ya arubaini, ija ya masiku makumi anayi chimwalirireni munthu, alendo atabalalika, a Jafali anandiitanira pansi pa mpoza. Ndinkadziwa nkhani yake. Mkamwini akafedwa mkazi amamasulidwa, abwerere kwawo, akayambe moyo wina ngati akufuna. Nyumba ndi munda zimatsala kwa mbumba. Anayankhula mwaulemu, anati palibe akundithamangitsa, koma mwambo ndi mwambo, ndipo mwana wamkazi wa Halima amene wangokwatiwa kumene alibe pokhala. Anati nditenge chilichonse chimene ndikufuna, ngakhale sola yangayo.

Ku Malindi ndilibe munthu. Makolo anapita, abale anga anamwazikana. Koma sindinanene zimenezo. Ndinayang'ana thandala, n'kunena kuti galasilo silingapirirenso ulendo, likangosunthidwa lifa. Kenako ndinati:

"Alamu, ndinapangana ndi mlongo wanu za nyale iyi. Ndiloleni ndikhale mpaka idzazime. Ikadzazima ndidzanyamuka ndekha, simudzachita kundikumbutsa."

A Jafali anafunsa kuti zinthu zimenezi zimakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinawauza zoona, kuti zinzake zonse zinafa msanga. Anagwedeza mutu, nati chabwino, mwana uja ayambe wamanga nyumba yaudzu.

Papita nthawi tsopano. Chikasu chalowa ndithu, ndipo babu siliwalanso ngati kale. Limakwanira kuwerenga Kurani ndikayandikira, foni imatenga tsiku lonse kuti idzaze. Simukhadi ya m'kabokosi inasiya kalekale kutumiza manambala, palibenso amene akuwerenga. M'mawa uliwonse ndikachoka ku mzikiti ndimayamba ndaumitsa manja ndi ndevu pa nsalu, chizolowezi sichitha, kenako ndimapukuta fumbi n'kuyendetsa chala m'mphepete. Ndikapeza kamng'alu ndimasonkha moto pa timafuwa tija. Poyamba ndinkamata moipa, phula linkadontha paliponse, koma ndimatsatira m'mene munadutsa chala chawo, ndipo dzanja layamba kuzolowera.

Ndinkachita zimenezi anthu asanadzuke, kuganiza kuti palibe akuona. Phula la m'chitini cha Abiti Sumani linatha mwezi wathawu, ndipo ndinakhala masiku angapo ndikuyang'ana mitambo ya mpoto, osadziwa kuti ndikayambira pati kukapempha kugombe popanda mudzi wonse kumva. Lachisanu tikuchokera ku mzikiti, a Jafali anayenda nane mpaka pakhomo pano, chinthu chimene sachitachita. Anakamba za mtengo wa feteleza ndi za bondo lawo. Potsanzikana anatulutsa kachitini m'thumba la mkanjo, n'kukaika pakhonde osandiyang'ana.

"Mvula ya chaka chino akuti ikhala yambiri, alamu," anatero, n'kumapita.